Mlendo wa m'Nyumba ya Petronela

Aliyense amene anagulapo mlamba wowamba mumsika wa Chilomoni zaka za matipate zija amamukumbukira Petronela Semba, mayi wamfupi wa ku Nsanje amene ankati akapsa mtima Chichewa chinkamuthawa, Chisena n'kumatuluka chokha ngati madzi a paipi yophulika. Ambiri ankangoti ndi wolongolola. Koma amene anamudziwa kale amanena kuti pakamwa pamenepo sanabadwe napo ayi, anachita kupatolera pamzere wa ku ofesi yodinda mapasipoti.

Kwawo kunali ku Ndamera, kumunsi kwenikweni kwa Nsanje, kumene munda wa munthu umatha kuyambira ku Malawi n'kukathera ku Mozambique. Ku Blantyre anabwera ali mtsikana kudzathandiza azakhali ake geni ya nsomba, ndipo azakhaliwo atakalamba n'kubwerera kumudzi anamusiyira benchi. Kuyambira pamenepo ankakwera yekha sitima ku Limbe kupita kuchigwa kukapikula mlamba.

Paulendo wina wotere, nkhondo ya ku Mozambique ili pachimake, anakumana ndi Venansio Alfazema. Anamupeza pa Nsanje boma akugulitsa buledi amene ankaphika mu uvuni wa mgolo pafupi ndi msasa wa anthu othawa nkhondo. Anali wa ku Mutarara ku Mozambique, kumene anagwira ntchito m'bekale kuyambira ali mnyamata. Tsiku limene mfuti zinalira kwawoko anathawira kumpoto, amayi ake anathawira kwina, ndipo sanadziwe ngati ali moyo. Anali munthu wamtali, wosachedwa kuchita manyazi, woti akakubwezera chenje chochepa mwangozi ankakulondola mpaka kunyumba. Chilankhulo chawo chinali chimodzi, nyimbo za kutchalitchi zimodzimodzi. Ukwati anadalitsa kwa bambo mfumu, malowolo anapereka pang'onopang'ono mpaka anatha, ndipo Petronela anabwera naye ku Chilomoni.

Kuseri kwa nyumba, cha ku Nthukwa, Venansio anamanga uvuni wa njerwa n'kuyamba kuphika buledi uja Apwitikizi amati pau, wolimba kunja, wofewa m'kati. Amagolosale ankalimbirana. Mwana wawo Linda anabadwira pomwepo. Palibe anafunsapo kuti bambo a Linda ndi a dziko liti. Masiku amenewo chimene ankafunsa pachipata cha msika chinali khadi la chipani, ndipo khadilo ankagulitsa kwa aliyense, ngakhale kwa mwana amene akanali m'mimba.

Matipate atabwera, anthu anayamba kulembetsa kuti adzavote. Malizani, mnzake wa Venansio amene anathawa naye nkhondo njira imodzi ndipo tsopano ankagulitsa makala mumsika, anabwera kudzamutenga.

"Tiye, m'bale. Ukangoti ndine wa kwa Tengani ku Nsanje, basi. Ndani angasiyanitse Msena wa uku ndi wa uko?"

"Ine si wa kwa Tengani," anatero Venansio, manja ali mu ufa.

"Nanga ine ndine wa kwa Tengani?"

"Zako zimenezo. Dziko la eni sindingalisankhire mtsogoleri."

Malizani anaseka n'kupita. Anavota, chala chake chinada ndi inki, ndipo chaka chisanathe anali m'komiti ya msika. Petronela sanaone vuto panthawiyo. Mumtima ankanyadira kuti anakwatiwa ndi munthu wosanama.

Chaka chotsatira, munthu wina amene anabwerera ku Mozambique pamabasi a othawa nkhondo anatumiza mawu: amayi a Venansio ali moyo, ali ku Beira, maso akuchita khungu koma akufunsa za mwana wawo. Venansio anakhala pansi pafupi ndi uvuni n'kulira mokweza, buledi n'kupserera.

"Dzerani ku Marka, kumalire a ku Nsanje, ngati anzanu," anatero Petronela atayamba kukonza za ulendo. "Mudutse m'minda, mukakwere galimoto mbali inayo. Aliyense amatero."

"Mayi a Linda, m'dziko muno ndinalowa chokwawa m'tchire ngati nyama. Nkhondo inatha. Ndikufuna ndituluke pakhomo, ndidzalowenso pakhomo, ngati munthu."

Anapita ku ofesi ya dziko la kwawo m'tauni, anajambulitsa atavala tayi, napatsidwa pasipoti ya Mozambique. Anaisunga m'pepala la pulasitiki m'thumba la pamtima. Anadzera ku Mwanza, anakawaona amayi ake, anakhala nawo milungu ingapo. Pobwerera, pachipata cha Mwanza pomwepo, wodinda mapasipoti anamufunsa kuti wadzacheza kwa yani.

"Sindinadzacheze, bwana. Ndikupita kunyumba kwanga ku Chilomoni."

"Pasipotiyi ikuti kwanu ndi kumene mukuchokerako."

Chidindo chinagwa. Mlendo, mwezi umodzi, osaloledwa kugwira ntchito.

Atafika kunyumba n'kumuonetsa, Petronela anayamba waseka. Mlendo? Munthu amene anakhoma yekha malata a nyumba imeneyi? Kuseka kunatha mwezi utatsala pang'ono kutha, Venansio atavala tayi ija n'kukwera minibasi kukapempha kuti amuwonjezere masiku. Mzere unkayambira panja pa ofesi, padzuwa, mosakanikirana ndi ofuna mapasipoti opitira ku Joni. Ankafika pakauntala madzulo n'kuuzidwa kuti abwere mawa. Akamuwonjezera kangapo, malamulo ankati atuluke kaye m'dziko. Ndiye ankakwera basi ya ku Mwanza, kuwoloka kupita pa Zobwe, kugona pakhonde la sitolo, n'kubwerera kudzadinditsa ngati mlendo watsopano. Masiku onsewo uvuni unkazizira. Amagolosale anatopa ndi buledi wa lero alipo mawa kulibe, nayamba kuoda kwina.

Zinayenda choncho kupitirira chaka. Chimene chinamutsegula pakamwa Petronela chinali ukwati wa mchimwene wake Chrispin, dalaivala wa mathiraki, amene anabwera ndi mkazi wa ku Mutare dzina lake Grace. Grace anali munthu wabwinobwino, Chichewa chake chinali cha moni ndi zikomo basi. Chrispin anapita naye ku ofesi ija ndi chikalata cha ukwati, ndipo pasanapite nthawi Grace anali ndi chilolezo chokhala m'dziko popanda zowerenga masiku.

"Ndiye kuti ukwati amaulemekeza eti?" anafunsa Petronela. "Achimwene, bwanji simunandiuze kale?"

Tsiku limene Venansio ankayenera kukawonjezera masiku, Petronela anasiyira mnzake benchi, anavala chitenje cha Amayi Akatolika, natenga chikalata cha ukwati wawo chimene chinali m'felemu pakhoma. Anachinyamula ndi felemu yomwe.

Pakauntala anapeza bambo wa imvi zapatalipatali, wooneka wotopa, wosachita mwano. Anayang'ana chikalatacho, anayang'ana pasipoti, napumira m'mwamba.

"Mayi, nkhani yanu ndaimva. Zikanakhala kuti bambowa ndi a kuno, inu ndi ochokera kunja, bwenzi tikukuthandizani lero lomwe. Koma mmene zililimu, ukwatiwu suwapatsa bambowa malo."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi mmene lamulo analilembera. Amati mkazi ndiye amatsata mwamuna."

"Achimwene anga atenga mkazi ku Zimbabwe dzanadzanali, mwamulandira. Ine ndi achimwene angawo tinabadwa m'mimba imodzi, m'mudzi umodzi. Umalawi wawo ndi waukulu kuposa wanga?"

"Lamulo sindinalembe ine, mayi."

"Nanga pawailesi mukutisokosera chiyani kuti zinthu zasintha? Mukuti amayi ndi abambo tsopano ndi ofanana. Ofanana pati? Povota pokha? Ndinaima pamzere kuyambira m'mamawa ine, mwana ali kumsana!"

Anthu apamzere anasiya kucheza n'kumamvetsera. Venansio anamugwira pachigongono. "Mayi a Linda, chonde."

"Ndisiyeni!"

Bamboyo anafotokoza modekha kuti njira zina zilipo. Kampani ikawalemba ntchito ingathe kuwapemphera chilolezo, koma iyenera kusonyeza kuti palibe Mmalawi amene angaigwire ntchitoyo. Kapena akhale ndi bizinesi yaikulu, ya chuma chochokera nacho kunja. Kenako anatsegula masamba a pasipoti ija, odzaza zidindo mpaka m'mphepete, n'kufunsa ngati akungocheza:

"Koma bambo, nthawi yonseyi mukukhala kunoyi, mumadya chiyani?"

Petronela anamuponda phazi mwamuna wake. Yankho linali pafupi: akazi anga amagulitsa nsomba, ndi amene amandisunga. Ngakhale bamboyo ankaoneka kuti akudikira yankho lomwelo, cholembera chili m'mwamba.

"Ndimaphika buledi, bwana," anatero Venansio. "Ndili ndi uvuni kunyumba. Ndimagulitsa m'magolosale."

Bamboyo anatseka maso kanthawi. Atawatsegula anati, "Mwandiuza nokha, anthu onsewa akumva. Mlendo saloledwa kuchita geni. Masiku sindingakuwonjezereni. Sabata ino isanathe mukhale mutatuluka." Analemba mawu ena ndi inki yofiira pansi pa chidindo chomaliza.

Pamasitepe a ofesiyo Petronela anaphulika. Anayamba m'Chichewa, anamalizira m'Chisena, ogulitsa maenvulopu ndi ojambula zithunzi atazungulira.

"Munthu uja amakuponyerani chingwe, inu mwachitenga n'kudzimangirira pakhosi! Chilungamo chanucho Linda adya? Malizani ali phee mumsika, akudula ziphaso za anzake, inu amene munabwera nokha kudzagwada ndi amene akukuthamangitsani! Mwaona zimene mwatichita?"

"Akanandifunsa Mulungu ndikanayankha chomwecho," anatero Venansio chapansipansi.

"Mulungu sagwira ntchito pakauntala paja!"

Pobwerera anakwera minibasi. Felemu ija inasweka galasi kondakitala atakankhira anthu kuti akhale anayianayi, ndipo Petronela sanatole n'zidutswa zomwe.

Venansio anapita Lachisanu. Anapeza ganyu m'bekale ina pa Zobwe, mtunda woti munthu ataima pachitunda amaona malata a ku Mwanza. Mwezi utatha anayesa kulowa, koma wa pachipata ataona inki yofiira ija anamubwezera pasipoti osadinda.

Kunyumba, achibale anabwera ndi nzeru zawo. Chrispin anafika Lamlungu, Grace ali pambuyo ndi mbale ya mpunga.

"Mlongo, usavutike chonchi. Malowolo tinadya. Mwa chikhalidwe chathu iwe ndi wa kwa Alfazema. Longedza, umutsate mwamuna wako."

"Ndikadye chiyani ku Zobwe? Benchi yanga ndiisenze pamutu? Linda asiye sukulu akayambe Chipwitikizi?"

"Mlendo ndi mame, mlongo. Unadziwa pomukwatira."

Petronela anatembenukira kwa Grace, amene anangoti ndwii osamva bwino zimene zinkanenedwa. "Nanga awa si mame? Bwanji iwo sakukamuka?" Anatenga mbale ya mpunga ija n'kuibwezera m'manja mwa mlamu wakeyo. "Pepani mlamu, inu simunandilakwire. Koma tengani amuna anu muzipita." Chrispin sanapondenso pakhomopo mpaka chaka chinatha.

Petronela sanakhale chete. Anapita kwa bambo mfumu, amene analemba kalata yabwino kwambiri yosathandiza kanthu. Anapita kwa phungu wa dera, anamudikira pageti kangapo, n'kuuzidwa ndi mlonda kuti bwana ali ku msonkhano. Atamva kuti bungwe lina loona za ufulu wa amayi likuchititsa msonkhano muholo ina m'tauni, anapita osaitanidwa. Amayi ovala masuti analankhula Chingerezi mpaka masana. Itafika nthawi ya mafunso, Petronela anaimirira ndi fungo lake la mlamba n'kufotokoza zonse, osasiya kanthu. Anamuombera m'manja nthawi yaitali. Mayi wina wa magalasi anamukumbatira, nati nkhani ngati imeneyi ndi imene akuifuna, lamulolo alimbana nalo, koma adziwe kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Nkhonoyo ili ndi mwamuna wake pafupi," anayankha Petronela. "Wanga ali ku Zobwe."

Anamupatsa Fanta ndi sikono, analemba dzina lake, ndipo sanamvenso kanthu.

Pakutha pa mwezi uliwonse ankakwera basi kupita ku Mwanza n'kuwoloka. Iye pachipata sankamuvuta, amayi a geni ankadutsa ambirimbiri. Ankamupeza Venansio ataonda, akugona m'kachipinda kosungira ufa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bekale n'kukangana nkhani imodzimodzi.

"Njira ili apo, m'chimangamo. Ana asukulu amadutsa tsiku ndi tsiku. Tayani kabukuko mubwere kunyumba."

"Ndikabwera choncho ndidzakhala ndani?"

"Mudzakhala bambo a Linda! Sizikukwanirani?"

Anakana miyezi yambiri. Chimene chinamugonjetsa si mawu a mkazi wake ayi. Petronela anali ndi pakati, ndipo mimbayo inapita padera ali yekha m'nyumba ndi Linda. Anataya magazi ambiri, oyandikana nawo anamunyamula pa wilibala mpaka pamsewu, nagonekedwa m'chipatala. Uthenga utafika ku Zobwe, Venansio anavula epuloni, anasiya pasipoti yake pashelefu ya ufa, nalowa m'chimanga muja masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe anamuimitsa. Palibe ngakhale anamuyang'ana. Petronela atatsegula maso m'wodi anamuona ataima kumiyendo kwa bedi, zisoso zili thoo m'buluku.

"Mwadzera pati?"

"M'minda."

Petronela anafuna kunena kuti mukanadzera momwemo kalekale bwenzi zonsezi kulibe. Mawuwo anafika pammero, koma ataona nkhope ya mwamuna wakeyo anawameza. Aka kanali koyamba ndi komaliza kumeza mawu pankhani imeneyi.

Anthu a m'dera anali atamva kale kuti bambo a Linda anathamangitsidwa chifukwa ndi a ku Mozambique, ndiye panafunika wina woti aitseke nkhaniyo. Petronela ndi Venansio anapita kwa Malizani. Malizani anawalandira atakhala pampando wa ofesi ya msika, mimba ili patsogolo, ndipo anamusiya Venansio chiimire mpaka anamaliza kumwa tiyi.

"Ndinakuuza, m'bale. Koma iwe unkadziyesa mngelo." Kenako anayenda nawo mumsika monse akuuza aliyense kuti zija zinali zolakwika za m'maofesi, mnyamatayu ndi wa kwa Tengani, anakulira limodzi, agogo awo anali pachibale. Venansio ankangogwedeza mutu. Wogulitsa tomato wina atamufunsa kuti kwa Tengani mudzi uti, anatchula mudzi umene Malizani anamuphunzitsa, maso ali pansi.

Uvuni unayakanso, ndipo amagolosale ena anabwerera. Koma Venansio sanapitenso m'tauni. Akaona yunifolomu iliyonse, ngakhale ya owerenga mamita a madzi, ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kutchalitchi, nthawi yolandira Ukaristia ikakwana, ankatsala pabenchi. Bambo mfumu anamuitana, anamuuza kuti palibe tchimo pamenepa, munthu kukhala ndi banja lake si kuba. Iye anavomera mwaulemu, koma Lamlungu lotsatira anatsalanso pabenchi. Petronela ankapita yekha kutsogolo, n'kubwerera mkate uli m'kamwa, mtima ukuwira. Chimene ankafuna chija anachipeza, mwamuna anali m'nyumba. Koma amene anabwerera kudzera m'chimanga uja sanali yense. Ndipo sankadziwa kuti akalipire ndani, pakuti bambo wa pakauntala uja sanamutukwane, wa pachipata anangowerenga zimene zinalembedwa, ndipo amene analemba lamulolo sanamuonepo nkhope. Ndiye ankakalipira amene wamuyandikira: wogula amene wanenerera mtengo, kondakitala, wokhometsa ziphaso za msika, Malizani akamadutsa.

Amayi a Venansio anamwalira ku Beira chaka chimene njanji ya kuchigwa inali itaduka ndi madzi. Uthenga unafika atayikidwa kale. Petronela anauza Venansio kuti apite ndithu kudzera m'minda akaone manda, koma iye anakana, anati akawoloka sakudziwa ngati adzakhalenso ndi mphamvu zonama kachiwiri. Akhristu anzawo a mumphakati anabwera kudzapemphera pakhomo. Poti onse ankadziwa kuti bambo a Linda ndi a kwa Tengani, wotsogolera mapemphero anapempherera mzimu wa mayi amene wagona kwa Tengani, ndipo Venansio anayankha amen pamodzi ndi onse.

M'mawa mwake Petronela sanapite kumsika. Anakwera minibasi, anakaima pamzere uja mpaka anafika pakauntala. Bambo wa imvi uja kunalibe, panali mtsikana wa tsitsi lowotcha.

"Ndikufunsira mnzanga," anatero Petronela. "Ndi Mmalawi, anakwatiwa ndi munthu wa kunja. Lamulo lija loti mwamuna wake sangakhale kuno linasintha?"

"Silinasinthe, mayi. Akuti likukambidwa. Mnzanuyo dzina lake ndani? Mwamunayo ali kuti panopa?"

"Mwamunayo anamwalira," ananama Petronela.

"Pepani. Nanga mukufunsiranji?"

"Ndikufuna ndidzamve tsiku limene mudzasinthe. Ndidzabweranso chaka chamawa, ndipo mudzandiyankhanso."

Mtsikanayo anayang'ana kumbuyo kwa Petronela n'kuitana wotsatira.